Foni ya amayi Eneless inalira m'thumba mwa amuna awo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse m'dzina la Yesu. Tithokoza kuti mwasiya minda ndi ntchito zanu kudzalira nafe.

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1954 ku Kasisi, napatsidwa dzina lakuti Tenson Kabwe. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo mu 1979 anakwatira amayi Eneless, anzawo a m'kwaya. Mu 1992 analandira munda kuno ku Kanakantapa, nayamba kulima chimanga ndi repu. Amayi anatisiya mu 2017, ana atabalalika kale, wina ku Ndola, wina ku Joni.

Mu 2022 a Kabwe anapezeka ndi khansa ya m'matumbo akulu. Mankhwala oyamba atalephera, anavomera kuyesa ena atsopano. Madokotala anawafotokozera kuti m'maselo a thupi muli malangizo oletsa chotupa kukula, amene matendawa amawagoneka tulo, ndipo mankhwalawa amayesa kuwadzutsa. Iwo anayankha kuti amva bwino, pakuti mwana wa Yairo nayenso sanafe, anali m'tulo. Mulungu anawaonjezera zokolola ziwiri.

Zonsezi ife tazimva kwa anamwino sabata latha. Mwezi ndi mwezi ankakwera minibasi atanyamula thumba la repu, ife n'kumati akupita kumsika ku Lusaka. Repuyo ankagawira osamalira odwala panja pa chipatala, kenako n'kulowa okha. Pa pepala lofunsa wachibale woti aimbiridwe, analembapo amayi Eneless ndi nambala yawo.

Pa 14 Ogasiti 2024 anakomoka m'chipatala. Anamwino ataimba nambalayo, foni inalira m'thumba la jekete la a Kabwe. Zaka zisanu ndi ziwiri anali akuitchajabe. M'foni yomweyo ndimo anapezamo nambala ya mwana wawo Febby, amene anafika mawa lake. A Kabwe anamwalira pa 16 Ogasiti atagwira dzanja la Febby.

Asiya ana awiri, Febby ndi Jabez, ndi adzukulu asanu. Tithokoza anamwino, amene anawadziwa koposa ife apafupi, ndi akwaya amene mwawaimbira. Tinkati ali bwino chifukwa sanadandaule, Ambuye atikhululukire.

Apume mumtendere pambali pa amayi Eneless. Ndipo inu nonse, Mulungu akudalitseni ndi kukusungani, akupatseni munthu wamoyo woyankha mukaitana.