Migolo iwiri pansi pa chigafa changa

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno kumapiri ndi inu muli kutali. Ndine Lameki, ndimalima fodya ndi chimanga m'mbali mwa msewu wochoka ku Dowa kupita ku Ntchisi. Ndikufuna ndikuuzeni za zaka zimene mudzi wonse unandida chifukwa cha madzi, ndipo ndineneretu kuti sunandide pachabe.

Kale ndinkagwira ntchito pa galaja ina yokonza mathirakitala. Tinkatsuka zitsulo za injini ndi mankhwala ooneka ngati madzi, a fungo lozuna, amene ankachotsa girizi mpaka manja kutuwa. Galajayo ikutsekedwa, bwana anandiuza kuti ndikwirire migolo iwiri ya mankhwala otsala kuseri kwa mpanda. Ndinakumba, ndinagubuduziramo migolo, ndinafotsera. Malowo anandisiyira ngati zikomo, ndipo pambuyo pake ndinamangapo chigafa cha fodya. Ndinkadziona ngati wamwayi, kupusa kwanga.

Patapita zaka, madzi a pa mjigo wathu anayamba kumveka fungo. Amayi a m'mudzi ankati mwina mwafera buluzi. Ine nditanunkhiza ndowa ya akazi anga, a Naphiri, mphuno yanga inalidziwa fungolo: linali la mankhwala a pa galaja aja. Ndinatseka pakamwa.

A zamadzi atayeza, anamanga mjigo ndi unyolo. Anachotsa dothi lonse la pamene panali galaja, anaika makina opopa ndi kusefa madzi oipawo, ndipo anaboola mapaipi asanu ang'onoang'ono oyezera madzi a pansi, lililonse ndi loko wake. Miyezi itatu iliyonse kunkabwera Mayi Nabanda pa njinga yamoto, atamangirira bokosi la ayezi kumbuyo. Ankadzaza timabotolo mpaka pakamwa, kutitembenuza, kutigogoda ndi chala. Akaona kampweya ngakhale kochepa ngati njere ya mapira, ankataya ndi kuyambiranso, poti mankhwalawa amathawira mumpweya. Anatiuzanso kuti ndi olemera kuposa madzi, amamira pansi n'kukakhala m'ming'alu ya miyala zaka zambiri.

Mapaipi anayi anayamba kuyera. Lachisanu, la kumunsi kwa chigafa changa, linakana. Pamsonkhano Mayi Nabanda anati, "Pali penapake pamene pakudonthabe. Tikapanda kupapeza, mjigowu tiutseka ndi simenti, basi."

Nthawi yonseyi amayi ankatunga kumtsinje, kutsika phiri lija loterera. Tsiku lina la mvula a Nangozo, oyandikana nafe nyumba, anagwa ndi ndowa kumutu ali ndi pakati pakatha, ndipo mwanayo sanalire. Ine ndinapita kukapepesa ngati aliyense. Lamulungu kutchalitchi ndinkapempherera madzi mokweza kuposa wina aliyense, chonsecho yankho la pempherolo linali pansi pa fodya wanga. Chakudya chinasiya kukoma. Ndinkaopa anthu kuposa Mulungu, ndipo ndikunena izi ndi manyazi.

Ulendo wotsatira ndinakaima pafupi ndi Mayi Nabanda akudzaza kabotolo pa paipi lachisanu. Mawu onena za migolo ija anatuluka ndisanawakonze. Iwo anatseka kabotolo, anandiyang'ana, nati, "Bambo, mwachedwa, koma mwanena. Tiyeni mukandionetse."

A zamadzi anagwetsa chigafa fodya ali mopachika, ndipo palibe anandithandiza kuanula ngakhale tsamba limodzi. Migolo inatuluka itadyeka ndi dzimbiri, umodzi mulibenso kanthu. Anthu anaunjikana. A Nangozo anafika pafupi, analavula malovu pamapazi anga. "Munkandiona ndikutsika phiri lija ndi pakati, inu muli chete," anatero. 

Abale, chidani cha pamudzi sichisankha munthu. A Naphiri, amene sankadziwa kanthu, ankawakankhira kumunsi kwa mtsinje kumene anthu amachapira zovala kuti azitunga kumeneko. Ana anga kusukulu ankakhala okha pa benchi, anzawo atagwira mphuno. Pa zochitika za pamudzi ndikamwera kapu, ankaitaya kutchire ine ndikuona.

Chimene chinandithyola ndi maliro a mayi anga. Adzukulu okumba manda anabwera ndi makasu awo, anakhala pansi pa mtengo. Mmodzi anati, "Ameneyu kukumba ndi kukwirira ndi ntchito yake. Akumbe." Anaseka. Ndinakumba manda a mayi anga ndi mlamu wanga, awiri basi, m'nthaka ya miyala, iwo akuonerera ngati mpira. Ndili m'dzenjemo, manja akutuluka magazi, ndinauza Mulungu kuti ngati kuli kotheka andisiye momwemo. Sindinapemphe kuti andipulumutse, ndinali nditatopa.

Yankho linabwera pa njinga yamoto. Mayi Nabanda atamva zimene zinachitika, anaitanitsa komiti ya mjigo n'kundipatsa makiyi a mapaipi onse asanu. Anthu anachita phokoso, ati mwapatsa wakupha makiyi. Mayi Nabanda anangoti, "Mwa inu nonse, uyu yekha ndi amene sangalole paipi kuwonongeka." Anandiphunzitsa kuyeza kuya kwa madzi ndi chingwe, kulambula pamapaipi, ndi kugwira kabotolo osalowetsa mpweya. Aka kanali koyamba m'miyezi yambiri munthu kundipatsira chinthu m'manja.

Sizinayere msanga. Zotsatira zoonetsa kuchuluka kwa mankhwala m'madzi zinkatsika m'chilimwe, mvula ikagwa n'kukweranso, ndipo anthu ankati Lameki wathiranso. Ndinkangoweramitsa mutu n'kupita kukalambula. Mayi Nabanda anakana kutsegula mjigo mpaka madzi atapezeka oyera maulendo angapo motsatizana, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Ndinaphunzira kudikira ndikuwerenga miyezi itatuitatu.

Tsiku lochotsa unyolo anthu anabwera ndi ndowa, koma palibe ankafuna kuyamba. Mdzukulu uja anafuula, "Ayambe kumwa mwini mankhwala!" Anasekanso. Ndinapopa, ndinatunga m'kapu, ndinamwa. Madzi anali ozizira, opanda fungo. Ndinawerama kuti ndiike kapuyo pansi, podziwa kuti aitaya. Dzanja la munthu wina linaigwira isanafike pansi. Anali a Nangozo. Sanaitsuke. Anatunga, anamwa, anapukuta pakamwa ndi nsalu yawo, nati, "Popani, a Lameki, anthu akudikira." Ndinapopa ndikulira ngati mwana, ndowa zonse mpaka kutha.

Sindikunena kuti onse anandikhululukira. Ena mpaka lero moni wanga amauyankha ndi mphuno, ndipo mwana wa a Nangozo sabwerera. Koma ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye m'dzenje lija. Ndikuthokoza Mayi Nabanda, ndi a Naphiri amene anasenza manyazi anga pamodzi ndi ndowa osachoka pakhomo. Mapaipi aja akadalipo, timayezabe, ndipo makiyi ali m'thumba mwanga.

Inu amene mukuzunzika, limbani mtima, musasiye kupemphera ngakhale zotsatira zitakweranso. Ndipo ngati pali chimene munakwirira, musadikire monga ndinadikirira ine. Ndikanalankhula tsiku limene ndinanunkhiza ndowa ija, bwenzi mwana wa a Nangozo akupita kusukulu chaka chino. Ambuye akusungeni nonse.