A Aloizi, Mlimi Amene Ankakana Kutchula Bambo Ake

Masiku aja titangofika kuno kwa Angelezi, ine ndikadagwadira dalaivala wa basi ngati ndaona apongozi, ndinapeza ntchito ku care home ina, nyumba yosamalira okalamba, ku Dudley, inu nonse amene mwakhala apa musanabadwe. Iwe Tadala, ukuti chiyani? Ati, "Is it long, Uncle?" Eya, ndi yaitali kuposa msewu wochoka pano pa Tipton kukafika ku Dedza, khala pansi.

Kumeneko kunali nkhalamba ina, a Aloizi, mzungu wa manja ngati makasu, moti akakupatsa moni umayamba waona kaye ngati zala zabwerera zonse. Anabadwira ku Silesia, dera limene lero lili ku Poland, koma kale Ajeremani ndi Apolishi ankalilimbirana ngati agalu pa fupa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anagwera kuno ali wachinyamata, nayamba ganyu m'mafamu a kuseri uko, mpaka anabwereka kamunda kawo n'kumaweta nkhumba, kulima kabichi ndi mbatatesi. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ngakhale ali pa wilutcheya ankalimabe ndi pakamwa, akaona kapinga pawindo ankabangula kuti, "Nthaka yonona chonchi mwadzala udzu? Ndinu mbuzi kodi?"

Koma thupi linali likutha, ndipo madokotala anali atanena kale kuti achibale azibwera pafupipafupi. Wachibale wawo anali mmodzi yekha, mdzukulu wawo Kate, amene mayi ake anali atatsogola kale. Kateyu anali woyembekezera, ndipo Lamlungu lililonse ankabwera ndi funso lomwelomwelo: "Agogo, bambo anu anali ndani? Ife kwathu n'kuti? Mwanayu ndidzamuuza chiyani?" Nkhalamba ikangomva za bambo, mkokomo wonse uja zii, n'kutembenukira kukhoma. Kate ankatuluka akupukuta misozi, podziwa kuti agogowo akapita, mtundu wonse ukalowa nawo m'bokosi.

Tsiku lina ndikuwameta ndevu, Kate ali pomwepo, funso lija linagundanso khoma. Tsono kwathu ku Dedza, ana inu, munthu sitiyamba kumufunsa za bambo. Bambo ndi mkamwini, tambala wobwereka. Mudzi ndi wa amayi, munda ndi wa amayi, iwenso ndiwe wa kuchikazi. Lero mumangodziwa dzina la pa pasipoti, koma ife tinkakula tikudziwa bere limene tinachokera. Ndiye ine, pakamwa panga popanda chitseko apa, ndinangofunsa mwachizolowezi m'Chingelezi changa chothyokathyoka: "Bwana, nanga mayi anu anali mwana wa yani?"

Kate anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Koma nkhalamba inandigwira mkono, lezala lili m'malere.

"Chibwerere kuno palibe anandifunsapo zimenezo," anatero, mawu ali pansipansi ngati si awo. "Mayi anga anali Marita, mwana wa Franciska, mwana wa Rozalia. Munda unali wa Rozalia. Polowa m'banja anabwera ndi ng'ombe imodzi yakhungu diso limodzi, ndipo ankalima nayo yekha mwamuna ali ku mgodi wa malasha."

Apo ndiye mtsinje unasefukira. Anakamba za Franciska amene ankasasitsa kabichi ndi mchere mumgolo, kumupondaponda ndi mapazi ana akuimba. Anakamba za Marita amene anabisa nkhumba m'chipinda chogona asilikali akulanda ziweto, n'kuifunditsa bulangete ngati wodwala malungo. Kenaka anamuloza Kate nati, "Mphuno yakoyo ndi ya Rozalia. Pepa, palibe mankhwala." Kate kuseka ndi kulira pamodzi.

Manejala anasuzumira, mphuno m'mwamba: "Mr Phiri, why is he half shaved?" Ine ndinangomukupiza ndi thaulo ngati ntchentche, ndipo kunena zoona ntchito ikanatha tsiku limenelo sindikanadandaula.

Atadutsa khomo la amayi m'pamene anafika okha kwa bambo. Anati dzina la banja lawo Ajeremani akalamula ankalilemba mwawo, Apolishi akalamula ankalilemba mwawo. Iwo ndi bambo awo anawaveka yunifolomu ya Ajeremani mokakamiza, bambowo osabwerako ku nkhondoko, ndipo nkhondo itatha mayina a pamanda a makolo Apolishi anawagoba ndi tchizulo poti analembedwa m'Chijeremani. Kuno Angelezi ankawati Mpolishi, Apolishi ankawati Mjeremani, ndiye anangosankha kukhala chete n'kumalankhula ndi nkhumba. "Koma mayina a akaziwa amamveka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri," anatero, "palibe boma linawakhudza." Kenaka anati, "Bambo anga anali Yozefe. Sanali munthu woipa. Ankaweta njuchi."

A Aloizi anamwalira mwana wa Kate uja asanabadwe, koma Kate pamaliro anaimirira n'kutchula mayina onsewo pamtima, Yozefe pomalizira, osaphonya ngakhale limodzi. Ine amene ndimaseka ndi pamanda pomwe, tsiku limenelo ndinalephera kuimba.

Tsono ana anga, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Amayi anu ali kukhitchini ya tchalitchi uko akutsuka mbale, maso ali psuu ndi mashifiti a kuchipatala, ndipo m'mitu mwawo muli midzi yathunthu imene inu simunaipondepo. Musadikire kuti dokotala akuuzeni kuti muzibwera pafupipafupi. Pitani mukatenge kansalu kopukutira mbale, muime pambali pawo, ndipo muwafunse mofatsa kuti anawabereka ndani.