Kachipinda ka Matsache Pakati pa Makomo Awiri

Malemu alongo athu anabadwa pa 9 Malichi 1962, achitatu m'banja la ana asanu. Bambo athu anali telala, ndipo malemu anakulira pafupi ndi makina osokera, kumvetsera zimene anthu amalankhula akamayezedwa. Kunyumba tinkawatchula kuti a Makutu.

Mu 1983 anapita ku yunivesite. Mu 1990 anakwatiwa ndi alamu athu akhala apawa, n'kuyamba kuphunzitsa pa yunivesite yomweyo. Khumbo lawo linali kufufuza moyo wa anthu a mumsewu umene anabadwira.

Pepani anamalira, apa sitibisa mawu. Kuntchitoko kunali nthambi ziwiri. A sosholoje, oyenda ndi mafunso n'kumawerengera mayankho, anati kucheza pakhonde la telala si kafukufuku koma miseche. A anthropoloje, okakhala pakati pa anthu kuphunzira miyambo yawo, anati munthu safufuza kwawo, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Malemu ankawayankha kuti bambo athu ankayeza ndi tepi, koma nsalu ankayamba aigwira ndi dzanja.

Ofesi anawapatsa kachipinda kosungiramo matsache, pakati pa makomo a nthambi ziwirizo. Nkhani yokwezedwa pantchito ikabwera, awa ankati ndi a uko, a ukonso ankati ndi a kuno. Kuyambira 1998, chaka chilichonse malemu ankayala mipando, kuphika tiyi, n'kuitana mbali zonse kuti zikambirane. Tiyiyo ankamwa ndi ophunzira awo okha. Zimenezi zimatipweteka mpaka lero.

Anayamba kudwala impso mu 2023, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali. Ali m'chipatala ankafunsabe ngati akuluakulu a nthambi zija ayankha kuitana kwawo.

Lero akulu a nthambi zonse ziwiri abwera. Aliyense watipempha mpata woti alankhule, aliyense akuti malemu anali wawo. Ife abanja takana.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri ndi ife abale awo. Tikuthokoza anamwino, ophunzira amene ankasinthana kuwadikirira, ndi anthu a mumsewu mwathu amene anawatsegulira makomo.

Alongo, alendo anu aja afika, ndipo akhala pabenchi imodzi. Anadikira kuti muyambe mwalowa m'bokosi. Usani mumtendere.