Nyerere Yopanda Bambo

Pa siteji ya basi mumzinda wa Plovdiv, bambo wina wachikulire ankayang'anitsitsa botolo la nyerere limene mtsikana wa ku yunivesite ananyamula. Mwana wawo wamkazi anali atachira dzana, koma iwo anali asanapite kukaona khandalo.

"Mwanawe, nyerere nazonso zimalipira basi?"

"Izi n'za kusukulu, bambo. Tikuwerenga DNA yake yonse, tidziwe zimene zimatengera kwa makolo."

"Ndiye mwapeza chiyani? Zoti zimakonda shuga?"

"Zoti yaimuna ilibe bambo. Imachokera m'dzira limene mwamuna sanalikhudze."

"Ameneyo ndi mdzukulu wanga. Bambo ake anathawira ku Germany mimba itangooneka. Mwana wanga akufuna kumutcha dzina langa, ine ndinamuuza kuti asayerekeze."

"Komatu agogo aamuna ili nawo, akuchikazi. Magazi awo amafika kwa iyo kudzera mwa mayi ake."

"Bambo ilibe, agogo ili nawo? Ukungopeka kuti ndichite manyazi."

"Ine sindikukudziwani n'komwe, bambo."

"Chabwino. Yopita kuchipatala ndi iti? Ndikawachenjeze msanga. Dzina langa ndi Haralampi, mwanayo kusukulu akamuseka mpaka kumaliza."