Kachitsulo ka Pansi pa Boneti

Pamzere m'sitolo yogulitsa penti wa galimoto, mayi wina ankangoyang'anitsitsa chithunzi pafoni yake. Bambo wachikulire amene anaima kumbuyo kwake, zikhadabo zili penti yekhayekha, anasuzumira.

"Pepani mayi, kachitsulo kameneko n'ka galimoto yakalekale. Mwakajambula pansi pa boneti?"

"Eya. Ndi ya bambo anga. Ndikufuna kuipentetsa, koma manambalawa sindikuwamva."

"Tabweretsani ndione. Akufakitale ankalembapo zonse zimene galimoto yatuluka nazo. Zilembo izi zikuti inabwera ndi wailesi. Izi, mipando yachikopa. Nambala yakumapetoyi ndi ya penti. Inali yobiriwira."

"Ayi bambo, ndi yofiira. Chibadwire changa ndi yofiira."

"Ndiye anaipaka pamwamba inu musanabadwe. Ndapenta galimoto zaka makumi anayi, mayi. Mukakande pang'ono mkati mwa chitseko, mukaona nokha."

"Yobiriwira..."

"Kwagwanji, mayi?"

"Bambo anga anayamba kuiwalaiwala. Ine amandiitana dzina la malemu amayi. Tsiku lililonse amatuluka panja, kuiyang'ana galimotoyo, n'kumati, 'Iyi si yanga. Yanga ndi yobiriwira, ndinanyamuliramo mkazi wanga tsiku la ukwati.' Ife timawakalipira kuti akubwebweta. Zaka ziwiri tsopano."

"Pamenepa ndiye sakubwebweta ayi."

"Dzulo lomweli ndinawauza kuti akhale chete. Anangoweramitsa mutu."

"Akadali moyo, si choncho? Ndiye simunachedwe. Sendezani, wogulitsa akukuitanani."

"Mundilembere nambalayo pakapepala, bambo. Ndigula penti wobiriwirayo."