Mtsinje wa M'felemu

Ine Moffat, mtchona wa zaka zisanu, ndinatola chithunzi chakale chojambula pamanja chimene bwana wina anataya m'tauni ya Rustenburg ku Joni: mapiri obiriwira, mtsinje, mbawala zikumwa madzi. Ndinachitumiza pafoni kwa mkazi wanga Elsie ku Dedza kuti, "Kuno n'komwe ndikukhala," ndiye Loweruka anangotulukira ku Nkaneng, komboni imene ndimakhala, atanyamula khasu ndi mbewu ya tomato.

"Bambo a Atikonda, mtsinje uja uli mbali iti?"

"Khalani pansi kaye, mwatopa."

"Ayi, ndione polima dimba."

Ndinaloza pakhoma la kanyumba kanga kamalata. "Suwu?"

"Iii! Wa m'felemu?"

"Mayi, limeneli ndi luso. Mzungu anajambula dera lomwe lino zaka zana zapitazo. Zoterezi umaona ndi mtima."

"Mtima umathirira tomato?"

Anasuzumira panja, dzanja pachipumi. "Phiri lokha ndaliona. Koma layereranji ngati phulusa?"

"Limenelo si phiri. Ndi zotaya za mumgodi."

"Nanga mbawala?"

"Zinasamuka."

"Ha! Inu kubwera, izo kuchoka?"

"Sizinathawe ine!" Ndinakonza kolala ngati mphunzitsi. "Wojambulayu akutiuza kuti dziko limakongola munthu asanaligwire. Taonani, mulibe munthu ngakhale mmodzi."

"Nanga iyeyo anaima pati?"

"Anali... kuseri."

"Kubisala? Anaba chiyani?"

"Mayi, tamverani! Kunabwera anthu adyera n'kuboola pansi ponse. Madzi analowa pansi, mitengo n'kuuma."

"Kalanga ine! Anthu opanda chisoni. Ndi ati amenewo?"

"A mgodi."

"Inu mumagwira kuti?"

Ndinatsokomola. "Ine ndi wa kontirakiti chabe."

"Mumachita chiyani kumeneko?"

"Ndimaboola."

Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine. Kenako anatsamiritsa khasu pachitseko, n'kukhala pabedi. Ndinadziwa kuti mawa lomwe akwera basi, ndipo mudzi wonse umva kuti Moffat amagona pafupi ndi fumbi, mtsinje wake anaupachika pamsomali.

"Chabwino, ndinanama," ndinatero nditagwada. "Ndinkachita manyazi. Tiyeni tibwerere kwathu limodzi, tikalime munda wathu uja. Chimanga munanditumizira chithunzi chija, chobiriwira mpaka kuphiri, ndimachilota tsiku lililonse."

Elsie anayamba kumasula nsapato pang'onopang'ono.

"Musafulumire, bambo. Munda unakokoloka chaka chomwe munadula mitengo n'kuotcha makala kuti mubwere ku Joni. Chimanga mumalotacho ndi cha pa kalendala ya feteleza."