Mitengo Ikule

Chaka chitangotha chivotereni boma latsopano, mabungwe anabuka ku Salima ngati ngumbi. Lina linatuma mlangizi wa tayi, Clifton, pa njinga yamoto yofuka ngati uvuni wa njerwa, mpaka padoko la Lifuwu, pamene mayi Zuleka anali ndi mabeseni awiri a kampango wofunika kuwamba dzuwa lisanafike pamutu, apo ayi aole ndi mpamba wawo wonse.

Clifton anaponda mtolo wa nkhuni ndi nsapato yopolisha.

"Mayi, ndabwera pa nkhani ya mitengo."

"Alihamudulilahi! Mwachedwa, bambo. Mchere wakweranso dzana lomweli."

"Mitengo ikugwa tsiku ndi tsiku."

"Ikugwa? Sitolo iti? Ndithamangireko!"

"Kuphiri, mayi!"

"Kuphiri atsegula sitolo? Matipate ndi abwinodi."

Clifton anakoka tayi. "Mvetsetsani. Bungwe lathu likufuna mitengo ikule, ichuluke, ifike m'mwambamwamba."

Mayi Zuleka anaika mpeni pansi. "Walahi, kani ndinu! Ife kumatukwana eni masitolo osalakwa."

"Ndikunena mitengo ya masamba!"

"Masamba nawo akwera. Kampukutu ka mpiru kongokwana m'mano."

"Ya nkhuni, mayi! Nkhuni!"

"Imeneyo ndiye musanene. Mtolo mwapondawo ndagula ngati ndikugula mbuzi. Tachotsani nsapato."

Nsapato sinachoke. Munthu wophunzira akagwira pepala sakumva, ndipo Clifton anali atatulutsa mapepala atatu.

"Utsi wa nkhuni zanuzi ukutenthetsa dziko lonse lapansi. Nyengo ikusintha."

"Tinasintha kale. Ndinavota ndi dzanja ili."

"Ndikunena mvula! Akatswiri a m'mayiko olemera apeza kuti utsi wa mafakitale awo..."

"Awo?"

"Awo, inde."

"Ndiye mwayamba mwakazimitsa kwawoko?"

"Iwowo ndi amene atipatsa njingayi."

"Ooo! Wopsereza ndiwo ndi wina, wokwapulidwa ndi Zuleka."

"Palibe akukukwapulani. Ingogwiritsani ntchito mphamvu ya dzuwa. Ndi yaulere."

"Zikomo potiuza, bambo. Usipa takhala tikuyanika pamwezi zaka zonsezi."

"Ndiye yanikaninso kampangoyu."

"Kampango padzuwa? Mukufuna ndiitane ntchentche za boma lonse la Salima?"

"Kukubwera zipangizo za sola."

"Liti?"

"Tikamaliza misonkhano."

Mayi Zuleka anaweramira m'beseni. "Wamva, kampango? Usaole. Udikire misonkhano."

Anaseka, koma mtima unali m'mwamba. Ntchentche zoyamba zinali zitatera kale, ndipo nsomba ikayamba kafungo siimvera pepala la munthu.

"Bambo, ndapota nanu, chotsani phazi. Ana anga adya nsomba zimenezi mwezi wonse."

"Mukayatsa, ndikukatenga bwana wanga."

"Katengeni. Abwere ndi mchere."

Clifton anachotsa phazi mwaukali n'kulumphira pa njinga. Anaponda kamodzi: phu! Kawiri: phu-phu! Kachitatu njinga inalavula chiutsi chakuda chomwe chinaphimba doko lonse, kenako zii. Utsiwo pomwe umatha, moto wa mayi Zuleka unali utayaka kale, kampango ali ndandanda pawaya.

"Yatani njinga ya mayiko olemera?"

"Mafuta atha."

"Ikankhireni padzuwa, bambo. Ndi laulere."

Clifton anaponda mpaka tayi inanyowa. Anakhala pa bwato logadabuzika, kudikira matola amene sanabwere. Dzuwa linapendeka, fungo la kampango wowamba likumupeza pomwepo, ndipo mimba yake, yomwe sinapiteko ku msonkhano uliwonse, inayamba kulira mokweza. Anadzuka mwaulemu, mapepala atapinda m'thumba.

"Mayi... kamutu ako, mtengo wake ndi bwanji?"

Mayi Zuleka anatembenuza nsomba osamuyang'ana n'komwe.

"M'mawa unali waung'ono, bambo. Koma munati ikule. Uwu ndiye wakula, wafika m'mwambamwamba."